Mafunso ndi Mayankho: Ndimawerenga, Koma Sizikhala M'mutu

Makalata a mwezi uno achuluka ndi nkhani ya mayeso. Alemba ndi ophunzira, aphunzitsi ndi makolo omwe. Mafunso ofanana tawaphatikiza, ena tawafupikitsa. Oyankha ndi aphunzitsi a pulayimale ndi sekondale pamodzi ndi anzawo osula aphunzitsi.

Ndili Fomu 4. Manotsi a Bayoloje ndawawerenga kanayi konse, ndipo ndikatsegula kope ndimaona kuti zonse ndikuzidziwa. Koma pa mayeso a moko mutu unangoti zii. Kodi ndilibe nzeru, kapena alipo akundichita chipongwe? — Wophunzira, Dedza

Nzeru muli nazo, ndipo palibe wakuchitani kanthu. Vuto mwalitchula nokha pamene mwati "ndikatsegula kope". Kope likakhala chitsegulire, yankho lili pamaso panu, ndiye mutu umangovomereza kuti izi ndinaziona kale. Zili ngati nkhope ya munthu amene mumakumana naye pamsika: mukamuona mumamuzindikira, koma wina atakufunsani dzina lake mumangokanda m'mutu. M'chipinda cha mayeso mulibe kope. Chimene MANEB imayesa ndi kutulutsa zinthu m'mutu popanda choonera, ndipo luso limenelo inu simunaliyeserepo.

Mu 2006 akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira a pa yunivesite kankhani kakafupi. Gulu lina linakawerenga mobwerezabwereza m'zigawo zinayi za nthawi. Gulu lina linawerenga chigawo chimodzi chokha, kenako analandidwa pepalalo n'kuuzidwa katatu konse kuti alembe zonse zimene akukumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi 5, obwereza kuwerenga aja anapambana: anakumbukira 83 pa 100, anzawo 71. Atayesedwa patatha sabata, zinatembenuka. Obwereza kuwerenga anatsika kufika pa 40, pamene odzifunsa aja anali pa 61. Chomvetsa chisoni n'chakuti amene ankadzidalira kwambiri kuti akumbukira anali omwe anaiwalawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono chitani chonchi. Sankhani kachigawo kakang'ono, masamba awiri kapena atatu, tinene za mtima ndi kayendedwe ka magazi. Werengani kamodzi modekha mpaka mumve tanthauzo. Tsekani kope, ndipo muliike patali ndithu, pansi pa mpando kapena m'chikwama. Tengani pepala lopanda kanthu, jambulani mtima, lembani mayina a zipinda zake zinayi, sonyezani ndi mivi kumene magazi amalowera ndi kumene amatulukira, ndipo lembani chifukwa chake khoma la left ventricle lili lochindikala kuposa la right ventricle. Mukaona kuti mwauma, musathamangire kope. Khalani kaye mphindi imodzi mukufufuza m'mutumo, chifukwa kuvutikako ndiko kukugwira ntchito. Kenako tsegulani kope, ndipo ndi cholembera cha mtundu wina konzani zolakwika ndi kuwonjezera zimene munasiya. Zolembedwa ndi cholembera chachiwirichi ndizo ntchito yanu ya mawa. Pa mphindi 40 zowerengera, zosachepera 20 zikhale za kope lotseka.

Ambiri amalakwitsa m'njira zinayi. Ena amasuzumira pang'ono "kuti angokumbukira poyambira", osadziwa kuti poyambirapo ndi pamene amasowa pa mayeso. Ena amangoyankha chamumtima n'kudziuza kuti akudziwa. Lembani kapena yankhulani mokweza, pakuti za mumtima n'zosavuta kudzinamiza nazo. Ena sabwerera ku kope kukaona ngati akhoza, ndiye amalimbitsa cholakwika. Ndipo ena amayamba kuloweza asanamvetse. Poti mayeso ambiri mumalemba m'Chingerezi, dziyeseni motere: fotokozani nkhaniyo m'Chichewa kapena m'chinenero cha kwanu ngati mukuuza mng'ono wanu. Ikakanika, ndiye kuti munangoloweza mawu a aphunzitsi. Ikatheka, ilembeninso m'Chingerezi, ndi mawu enieni a phunzirolo, poti oyika malikesi amafuna amenewo.

Masiku oyamba mudzadziona ngati mbuli, pepala lili mbee. Musabwerere m'mbuyo. Umbuli umenewo unalipo kale, kope ndilo linkaubisa.

Kwatsala miyezi inayi kuti tilembe MSCE ndipo ndili ndi maphunziro 8. Ndinaganiza zopatsa phunziro lililonse masabata awiri mpaka nditamaliza onse. Kodi ndi bwino? — Wophunzira, Karonga

Ayi. Mukamadzafika pa phunziro la 8, loyamba lija lidzakhala litatha miyezi itatu osakhudzidwa, ndipo lambiri lidzakhala litauluka. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kale mu 1885, podziyesa yekha ndi timawu topanda tanthauzo, kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira, kenako kumayenda pang'onopang'ono. Mankhwala ake ndi kubwerera ku chinthu chija pamene chayamba kuzilala koma chisanatheretu. Maola atatu ogawidwa pa masiku atatu otalikirana amasiya zambiri m'mutu kuposa maola atatu a tsiku limodzi, ngakhale nthawi yake ndi yomweyo.

Mpata wake utalike bwanji? Kafukufuku wa Nicholas Cepeda ndi anzake wa mu 2008, wa anthu oposa 1,300, anapeza kuti mayeso akakhala kutali, mpata wa pakati pa kubwereza uyeneranso kutalika. Pa miyezi inayi yanuyi, ndondomeko yosavuta ndi iyi: mutu umene mwawerenga lero mudzifunse mawa, kenako patatha masiku atatu, kenako sabata, kenako masabata atatu. Lembani masikuwo pamwamba pa tsamba la manotsi kuti musadalire kukumbukira. Madzulo alionse tengani maphunziro awiri kapena atatu, lililonse mphindi 30 mpaka 40, ndi kupuma mphindi 5 pakati. Phunziro lililonse likhudzidwe kawiri pa sabata, lovuta katatu. Lovutalo yambirani, mutu usanatope. Tikudziwa kuti mtima umakokera ku phunziro limene mumakhoza kale, chifukwa limakusangalatsani, koma mapointi otayika ali kwinako.

Pa zinthu zofunika kuloweza, monga zaka, matanthauzo a mawu ndi mafomula, gwiritsani ntchito makhadi m'njira imene mtolankhani wa ku Germany, Sebastian Leitner, anafalitsa mu 1972. Simufunika kugula kanthu. Dulani chikatoni cha sopo kapena chikuto cha kope lakale m'tizidutswa tofanana ndi chiphaso cha unzika. Kutsogolo lembani funso, kumbuyo yankho: "Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba liti, chinatha liti?", kuseli "1953, 1963". Pezani zitini zitatu. Makhadi onse atsopano amayambira m'chitini choyamba, chimene mumachitsegula tsiku lililonse. Khadi limene mwakhoza lipite m'chachiwiri, cha Lachiwiri ndi Lachisanu. Mukalikhozanso kumeneko lipite m'chachitatu, cha Lamlungu lokha. Khadi lililonse limene mwalakwa, ngakhale litafika m'chitini chachitatu, libwerere m'choyamba popanda kulimvera chisoni. Motero nthawi yanu yambiri imathera pa zimene simukuzidziwa.

Khadi limodzi, funso limodzi. Mukadzaza ndime yonse kuseli, simudzadziwa ngati mwakhoza kapena ayi. Makhadi atsopano asapose 10 kapena 15 pa tsiku, apo ayi chitini choyamba chidzasefukira n'kukugwetsani ulesi. Ndipo dziwani malire ake: khadi lingakupatseni chaka cha 1915, koma funso lofuna kuti mufotokoze zimene zinachititsa John Chilembwe kuukira atsamunda lifuna pepala lija lopanda kanthu, ndi mfundo zoyalidwa bwino.

Kusukulu kwathu kogonera anzanga amaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti achezere kuwerenga mpaka mbandakucha. Ine ndikayesa, m'mawa mutu umalemera. Ndichite bwanji kuti ndizolowere? — Mtsikana wa Fomu 2, Thyolo

Musazolowere. Madziwo amatsegula maso okha, ubongo umakhala utagona kale. Zimene mwaphunzira masana zimakhazikika mukagona. Izi zinaoneka kale mu 1924 pa yunivesite ya Cornell, pamene John Jenkins ndi Karl Dallenbach anapeza kuti ophunzira ankakumbukira zambiri akagona atangomaliza kuloweza kusiyana ndi akakhala maso maola omwewo. Wa msinkhu wanu amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Wochezera angathe kukhoza kamayeso ka mawa m'mawa, koma pakatha sabata zambiri zimakhala zitapita, ndipo JCE imafunsa za zaka ziwiri. Prepu ikamatha, tengani mphindi 10 zomalizira kudzifunsa za tsikulo kope lili chitsekere, mukagone, ndipo m'mawa musanapite kokadya phala dzifunseninso zomwezo.

Ndimaphunzitsa Masamu pa CDSS. Ndikaphunzitsa mutu n'kupereka ntchito, ana ambiri amakhoza 8 kapena 9 pa 10. Pofika kumapeto kwa teremu, ana omwewo amalephera masamu omwewo. Ndikulakwitsa pati? — Mphunzitsi, Ntchisi

Aphunzitsi, taonani tsamba la ntchito m'buku lanu. Pamwamba palembedwa mutu, tinene simple interest, ndipo pansi pali masamu 10 onse a njira imodzi. Mwana akamafika pa samu yachitatu sawerenganso funso. Amangotola manambala n'kuwaponya mu fomula. Ntchito yovuta kwambiri pa mayeso, yozindikira kuti funso ili likufuna njira iti, mutu wa pamwamba uja wamugwirira kale. Pa pepala la mayeso palibe mitu. Samu ya chiwongoladzanja imatsatana ndi ya makona, kenako ya magirafu, ndipo mwana amakumana ndi ntchito yosankha njira kwa nthawi yoyamba tsiku lomwelo.

Doug Rohrer ndi Kelli Taylor a ku Florida anayesa zimenezi mu 2007 ndi masamu opeza volume ya zinthu za maonekedwe anayi. Amene anachita masamu a mtundu umodzi motsatizana anakhoza 89 pa 100 nthawi yoyeserera, amene anasakaniza mitundu yonse inayi 60 yokha. Patatha sabata, osakaniza anakhoza 63, anzawo 20. Kalasi yanu ili m'gulu la 89 ndi 20.

Sinthani kapangidwe ka homuweki. Pa masamu 10, anayi akhale a lero, atatu a sabata yatha, atatu a mwezi watha kapena teremu yatha, ndipo muwasokoneze, osalemba mitu. Phindu lalikulu lili posakaniza zinthu zofanana zimene ana amazisokoneza: area ndi perimeter, sine rule ndi cosine rule, simple interest ndi compound interest. Perekani mafunso awiri otsatizana a K50,000 yokongoletsedwa pa 10 peresenti kwa zaka ziwiri, lina la simple interest yankho lake K10,000, lina la compound interest K10,500, ndipo mufunse kalasi kuti K500 yapakatiyo yachokera kuti. Nthawi zina apatseni mafunso 6 n'kuwauza kuti asawerengere, angolemba njira imene angagwiritse ntchito ndi mawu a m'funso amene awauza zimenezo. Zimatenga mphindi 5.

Koma musasakanize tsiku loyamba. Mwana amene sanaidziwe njira sangaisiyanitse ndi inzake. Kafukufuku wa John Sweller wa ku Australia, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, anasonyeza kuti woyamba kumene amaphunzira bwino poona chitsanzo chowerengeredwa kale kusiyana ndi kuponyedwa pa samu kuti adzionere yekha, chifukwa mutu sungasunge zinthu zatsopano zambiri nthawi imodzi. Choncho lembani pa bolodi chitsanzo chathunthu, mzere ndi mzere, mukunena chifukwa cha mzere uliwonse. Chachiwiri siyani mzere womaliza kuti amalize okha. Chachitatu siyani mizere iwiri. Chachinayi achite okha chonse. Kusakaniza kuyambe mawa lake.

Muwachenjezeretu ana kuti malikesi a homuweki atsika, ndipo muwauze chifukwa. Ahedi muwauzenso, asanamve kwa makolo.

Kalasi yanga ya Sitandade 5 ili ndi ana 112. Ndikafunsa kuti "Mwamva?" onse amayankha "Eee!" Ndidziwa bwanji amene wamvadi, poti makope 112 sindingachonge tsiku lililonse? — Mphunzitsi, Mangochi

"Eee" ameneyo ndi ulemu, si umboni. Mwana wa kwathu kuno sangauze mphunzitsi pagulu kuti sanamve. Funso limenelo lisiyeni. M'malo mwake funsani chinthu chimene wosamva sangachiyankhe.

Mphindi 5 mpaka 8 zoyambirira za phunziro zikhale za mafunso 5 pa bolodi: awiri a dzulo, awiri a sabata yatha, limodzi la mwezi watha. Makope a manotsi atsekedwe. Aliyense alembe mayankho kumapeto kwa kope lake, kenako asinthane ndi mnzake, inu mutchule mayankho, achongerane. Simutenga kope ndi limodzi lomwe kupita nalo kunyumba. Malikesi amenewa musawalembe paliponse, ndipo wolakwa asalandire chilango kapena kusekedwa. Mukangoyamba kulanga, ana amayamba kuonerana, ndipo chida chanu chafa.

Kuti muone kalasi yonse nthawi imodzi, perekani funso la mayankho anayi osankha, mwachitsanzo theka kuphatikiza kota. Pakati pa mayankho olakwika ikanipo 2/6, chifukwa ndi limene amapeza mwana wophatikiza manambala a pamwamba paokha ndi a pansi paokha. Muwerenge manambala 1, 2, 3, onse aonetse zala pachifuwa nthawi imodzi: chala chimodzi ndi A, ziwiri B, mpaka zinayi. Pachifuwa, osati m'mwamba, kuti wa kumbuyo asatengere wa kutsogolo. Mukaona zala zambiri zaloza 2/6, mwadziwa osati kuti alakwa kokha komanso chimene chawalakwitsa. Barak Rosenshine, amene anasonkhanitsa zochita za aphunzitsi opambana, ananena kuti ana azikhoza pafupifupi 8 pa 10 poyeserera. Okhoza akachepera pamenepo, bwerezani ndi chitsanzo china musanapitirire, ngakhale sikimu ikukuthamangitsani.

Pofunsa pakamwa, yambani ndi funso, dzina litsatire. Mukayamba ndi dzina, ana 111 enawo amapumula. Ndipo dikirani. Mary Budd Rowe wa ku America, atamvetsera makalasi ambiri, anapeza kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanadziyankhe okha kapena kuloza wina. Akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayesa. Werengani chamumtima mpaka 5. Zidzaoneka ngati chaka, koma mudzaona manja akutuluka kumizere imene simunaizolowere.

Kuyankhira pamodzi kuli ndi malo ake, monga pa matebulo ndi maliwu a malembo. Kungoti sikungakuuzeni za mwana wakhala kukona uja amene akungotsegula pakamwa.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 8, ndipo Chingerezi cha m'mabuku ake sindichimva. Ndingamuthandize bwanji? — Mayi, Ndirande

Mayi, mungathe, ndipo kusadziwa kwanuko kungakhale chida. Madzulo mukatha kudya, mutengereni kope, muliike pamiyendo panu, mumuuze kuti: "Undiphunzitse zimene waphunzira lero, m'Chichewa." Iye akamafotokoza, inu mukhale ndi mafunso atatu okha: "Chifukwa chiyani?", "Tandipatsa chitsanzo", ndi "Nanga zikusiyana bwanji ndi zija unandiuza dzana?" Akakakamira, mubwezereni kope aone, atsekenso, ayambirenso. Mphindi 15 zakwana. Pa Ulimi ndiye mungamupose: akakuuzani za feteleza, mufunseni chifukwa chake wokulitsa timathira chimanga chikangomera pamene wobereketsa amadikira masabata angapo, ndipo mudzamva nokha ngati akudziwa kapena akungoimba.

Musayese khama lake ndi maola amene wakhala akuyang'ana buku. Ndipo popeza ndi mtsikana, yang'anani ntchito za pakhomo. Ngati mbale, madzi ndi kulera mwana zonse zili pa iye pamene alongo ake akusewera mpira, nthawi yowerenga imamupeza atatheratu. Mupatuleni ola limodzi lodziwika tsiku lililonse, kukadawala ngati magetsi ndi osadalirika, ndipo pa ola limenelo asatumidwe.

Ndinamva kuti ena amaphunzira ndi maso, ena ndi makutu, ena ndi manja, ndipo aliyense aziphunzitsidwa mwa mtundu wake. Ndinagulanso zolembera zowala zodulira mizere m'buku. Zimathandiza? — Wophunzira za uphunzitsi, Lilongwe

Zonse ziwiri n'zotchuka kuposa phindu lake. Mu 2008 Harold Pashler ndi anzake anafufuza umboni woti munthu amakhoza bwino akaphunzitsidwa mwa "mtundu wake", ndipo sanaupeze wokhutiritsa. Anthu amakonda njira zosiyana, inde, koma chimene chiyenera kulamula ndi phunzirolo: mapu afuna maso, katchulidwe ka mawu kafuna makutu, kumezanitsa mango kufuna mpeni m'manja, kwa wina aliyense. Kuipa kwa chikhulupirirochi n'kwakuti mwana amadzitsekera yekha, n'kumati kuwerenga si mtundu wake.

Za zolembera zowala: John Dunlosky ndi anzake mu 2013 anaunika njira 10 zowerengera. Kudula mizere ndi kubwereza kuwerenga anaziika pansi. Kudzifunsa ndi kugawa nthawi anaziika pamwamba. Poti mwagula kale, dulani mzere umodzi wokha pa ndime, mutamaliza kuwerenga ndime yonse, ndipo mzerewo muusandutse funso m'mphepete mwa tsamba.

Tili ndi gulu la anthu 9 lowerengera limodzi, ndipo tili ndi mapepala a mayeso a zaka zisanu zapitazo. Timawerenga funso, wodziwa n'kutiuza yankho. Tikuchita bwino? — Ophunzira a sukulu ya madzulo, Mzuzu

Amene akupindula ndi wodziwayo, chifukwa ndiye yekha akutulutsa za m'mutu. Enanu mukumvera wailesi. Gawanikani m'magulu a anthu atatu kapena anayi. Funso likawerengedwa, aliyense alembe yankho lake payekha, mwakachetechete, nthawi ikuwerengedwa. Kenako muyerekeze, ndipo woyamba kufotokoza akhale amene akukayika, wodziwa amalize. Pamene mwasiyana maganizo, buku kapena mphunzitsi aweruze, osati wa mawu okwera.

Mapepala asanuwo musawadye onse mwezi umodzi. Atatu agwiritseni ntchito mutu ndi mutu kuyambira pano. Awiri muwasunge osawasuzumira, mudzawalembe athunthu m'mwezi womaliza, pa nthawi yeniyeni yolembedwa pachikuto, foni ili kutali, buku lili kutali. Mukachonga, aliyense atsegule tsamba kumapeto kwa kope n'kulemba funso lililonse limene walakwa pamodzi ndi chifukwa chake: sindinadziwe, ndinadziwa koma ndinaiwala, sindinamvetse funso, kapena nthawi inandithera. Choyamba chifuna buku ndi mphunzitsi. Chachiwiri chifuna chitini choyamba chija. Chachitatu chifuna kuti muphunzire kusiyana kwa mawu ngati state, describe ndi explain, poti wolemba mndandanda pamene afunsidwa kufotokoza amataya malikesi ngakhale akudziwa. Chachinayi chifuna wotchi patebulo ndi kugawa mphindi molingana ndi malikesi a funso lililonse musanayambe kulemba. Mafunso olakwawo muwayankhenso patatha sabata, osayang'ana zimene munakonza.